Zala Ziwiri za a Mulipa

Bambo aakulu a Mulipa tawayika sabata yatha kwawo, kuseri kwa Mauwa, kumudzi kumene anachokako ndevu zisanamere bwino. Pamaliropo amalume anga a Jailosi anayimirira kuti ayankhule m'malo mwa ife akuchikazi. Anakhosomola, anakonza jekete yawo, kenako anauza anthu kuti malemuwa anali munthu wofatsa, kuti kwathu tinakhala nawo bwino, ndi kuti anatsanzika okha mwamtendere mkazi wawo atamwalira. Ine ndinali pakati pa azimayi, ndipo ndinaluma chitenje kuti ndisakuwe. Mabodza onsewo pamaso pa bokosi! A Mulipa sanali ofatsa. Kwathu sanakhale bwino. Ndipo sanatsanzike ayi, anachita kuthamangitsidwa m'nyumba imene anamanga ndi manja awo, wotsogolera wake ali yemweyo wa jeketeyo.

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Pamaliro sitiyankhana, choncho ndiyankhira pano.

A Mulipa anali mwamuna wa mayi aakulu a Rozina, mkulu wawo wa amayi anga. Anabwera kwathu, kufupi ndi Nguludi, ngati mkamwini, monga amachitira mwamuna aliyense kuno: nthaka ndi ya mkazi, mudzi ndi wa mkazi, mwamuna amangobwera ndi khasu ndi bulangete. Ntchito yawo inali yokonza mawailesi, poyamba m'kashopu ku Limbe, kenako pakhonde pawo pomwe. Mwana sanakhale naye. Choncho panalibe amene akanawayitana kuti bambo a uje, ndipo mpaka imvi zinachita mbuu anthu ena ankawatchulabe kuti akamwini, ngati abwera dzulo.

Zoti anali ofatsa zikanawaseketsa iwo eni, akanapanda kuyamba atukwana kaye. Munthu uja anali ndi mtima wapachala. Ankakangana ndi makondakitala, ndi nkhuku, ndi kwaya ya kutchalitchi ikamakoka nyimbo ngati ikudwala. Ukabwera ndi wailesi yoti wayamba waitsegula wekha ndi mpeni, unkamva zako.

"Inu mukadwala m'mimba mumadzing'amba nokha?" ankafunsa choncho. "Nanga iyiyi mwayichitiranji chipongwe chotere? Yakulakwirani chiyani?"

Ankakonda kunena kuti wailesi siifa yokha, imachita kuphedwa ndi mwini wake. Ankanenanso kuti munthu wofulumira kupepesa amakhala atakonza kale tsiku lodzabwereza. Zikafika povuta Chinyanja chinkawathera, n'kuyamba Chilomwe, ndipo zikatero ngakhale agalu ankachoka pakhomopo. Koma wailesi ija ankayikonza, n'kuyipukuta bwinobwino, n'kukupatsira ikuyimba, iwo akung'ung'udzabe.

Ndi amalume a Jailosi sankamwerana madzi chiyambire. A Mulipa anawumba njerwa, anawotcha okha, anamanga nyumba ya malata pamene mudzi wonse unali wa udzu, ndipo anabzala mapeyala kuseri. Amalume, amene ndi mwini mbumba kwathu, ankadutsa pamenepo n'kumayankhula ngati akuwuza mphepo kuti mkamwini asamakule mwendo. A Mulipa ankayankha ali pamwamba pa denga kuti mwendo wawo ndi wawo, sanabwereke kwa munthu.

Kompyuta inabwera zaka zimene mawailesi a kaseti anali pa fasho. Ku Limbe kuja kunali dokotala wina wachizungu amene ankabweretsa zinthu zake kudzakonzetsa. Tsiku lina anawapeza a Mulipa akukalipira kasitomala, mitsempha ya m'khosi ili njo, kenako anawaona akutsamira khoma, maso achita mdima. Atawayeza anawauza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, matenda aja timati bipi, ndipo akapitiriza kupsa mtima chonchi adzagwa osadzukanso. Anawapatsa mankhwala. Pobwerera kwawo anawasiyiranso katoni, kuti m'menemo muli chinthu chowaphunzitsa kudzigwira.

Amene mwazolowera makompyuta a masiku ano mukanaseka. Inali kabokosi kotuwa ka mabatani, kolumikiza ku tivi yaing'ono yopanda mitundu. Pulogalamu yake inali pa kaseti. Ankayika kasetiyo mu wailesi, n'kuyamba kulira tswiii, tswiii, ngati mbewa zikumenyana m'nkhokwe, ndipo unkadikira mpaka kutopa kuti zilowe. Magetsi kwathu kunalibe, koma a Mulipa anali a Mulipa: analumikiza zonse ku batire la galimoto limene ankakatchajitsa panjinga. Ku kabokosiko kunkachoka mawaya awiri okhala ndi tizitsulo kumapeto. Tizitsuloto ankatimanga ku zala ziwiri za dzanja lamanzere ndi kansalu komata. Pagalasi la tivi pankabwera kampira koyera. Mtima ukatentha zala zinkatuluka thukuta, ngakhale losaoneka ndi maso, ndipo kampira kankakwera, makinawo n'kumalira mosongoka ngati udzudzu. Mtima ukazizira kampira kankatsika, kulirako n'kumanenepa ngati kwa njuchi, mpaka zii.

Ntchito yake inali yomweyo basi: kutsitsa kampira.

Miyezi yoyamba kanali kosatsika. Ankakhala pampando, kampira kali kudenga, iwo n'kukakalipira, iko n'kumalira kwambiri. Tsiku lina anamenya tebulo mpaka kaseti inadumpha. Mayi aakulu ankaseka mpaka kugwira m'mimba. Akawaona akubwera kuchokera ku mkangano, nkhope ili ndwii, ankawauza ali pamphasa:

"Musayambe ndi ine. Pitani kaye mukalape kwa ansembe anu a batire, mukabwere mutayera."

Ndipo ankapitadi. Chimene chinawapangitsa kupirira si dokotala uja. Ndi mawu amene mayi aakulu anawauza tsiku lina ine ndikuwathandiza kusenda chinangwa. Anati, "A Mulipa, ine mwana ndilibe. Mukafa chifukwa cha wailesi ya eni ake, ine nditsala ndi ndani? Ndi achimwene angawa?" A Mulipa analowa m'kachipinda kawo, ndipo tinamva kaseti ikuyamba kulira.

Pang'ono ndi pang'ono anaphunzira. Ankatsitsa mapewa, kutsinzina, kukoka mpweya mpaka m'mimba n'kuwutulutsa mosathamanga. Madzulo aliwonse dzuwa likapendeka, asanasambe, ankalowa m'kachipindako. Patapita zaka ankatha kukatsitsa kampira kaja mpaka pansi penipeni nthawi iliyonse imene afuna. Sikuti ukali unatha, ayi. Kondakitala ankamvabe zake. Koma pakhomo pawo mawu anatsika, ndipo mayi aakulu ananenepa.

Cholakwa chawo chinali chimodzi: poyamba ankalola anthu kuyesako. Lamulungu pochokera kutchalitchi anthu ankadzaza pakhonde, wina amange zala, ena aziseka. Tsiku lina anamanga bambo wina wa kutsidya, mkazi wake ali pomwepo, ndipo wina mwa nthabwala anafunsa kuti, "Kodi Lachisanu lija munagona kuti?" Kampira kanalumpha ngati kalumidwa. Anthu anafa nacho chiseko. Mkazi wake anasekako pang'ono, kenako anasiya. Pofika mawa lake nkhani inali itafika ku chigayo ndi kumjigo kuti makina a Mulipa amagwira bodza. Ena anawonjezera kuti kulira kwa kaseti kuja ndi mizimu imene amayifunsa. A Mulipa anafotokoza mpaka pakhosi kuwawa kuti munthu aliyense ukamudzidzimutsa ndi funso pagulu zala zimachita thukuta, kaya walakwa kaya sanalakwe. Palibe anamva. Nkhani ya mizimu inali yokoma kuposa ya thukuta.

Kuyambira pamenepo anatseka chitseko. Panalibenso womanga zala kupatula iwo okha.

Ndiye mbuzi ya amalume a Jailosi inasowa. Amalume anaganizira Abiti Saidi, mayi wamasiye wogulitsa usipa amene njira yake yopita kumsika inkadutsa kuseri kwa khola lawo. Umboni panalibe, kupatula kuti mayiyo anali wosauka ndipo analibe mwamuna womuyankhulira. Anamugwira pamkono mpaka pakhomo pa a Mulipa, gulu likutsatira, dengu lake la usipa litatayikira m'njira.

"Alamu, yatsani makina anu aja. Timumange mayiyu tione."

A Mulipa anali akuwotcherera waya. Anayika chitsulo chawo pansi.

"Muone chiyani?"

"Ngati waba kapena sanabe. Si amagwira bodza?"

"Alamu, makinawa sadziwa bodza. Amadziwa thukuta la m'zala basi. Tamuonani mayiyu m'mene akunjenjemerera. Ndikamumanga makinawa alira, ndiye inu muti waba. Inuyo ndikakumangani pano n'kukufunsani dzina lanu lomwe, anthu onsewa akukuyang'anani, aliranso. Ndiye tidzati dzina lanu munaba?"

"Mukubisa wakuba pamudzi pa eni ake, inu obwera?"

Apo ndiye anawaputa. Tsiku limenelo kampira sikanakumbukike. Anayimirira, anayamba Chinyanja, anamaliza ndi Chilomwe, ndipo anawauza amalume pamaso pa mbumba yawo yonse kuti mwamuna amene amakoka mayi wamasiye pamkono chifukwa cha mbuzi ndiye woyenera kumangidwa m'khola. Gulu linabalalika likuseka. Abiti Saidi anabwerera kukatola usipa wake mu fumbi. Mbuziyo sinapezeke, ndipo amene anaba sindimudziwa mpaka lero. Chimene ndikudziwa n'chakuti amalume pochoka anatembenuka n'kunena motsitsa kuti mlandu suwola.

Anawusunga zaka zambiri, mpaka mayi aakulu atamwalira.

Mayi aakulu sanadwale. Anagwa kudimba akukumba mbatata, ndipo pofika nawo kuchipatala panjinga anali atasiya kuyankhula. Anamwalira tsiku lomwelo. Achipatala anati ndi bipi. Tangoganizani: zaka zonse zija nyumba yonse inkayang'anira magazi a mwamuna, pamene mayi woseka uja, amene sanakalipirepo ngakhale mwanapiye, ndi amene matendawo ankamudya mwakachetechete.

Pamaliro a Mulipa sanalire mokuwa. Anakhala pampando pafupi ndi chitseko, mapewa ali pansi, maso otsinzina, akukoka mpweya pang'onopang'ono. Ine ndinadziwa chimene ankachita, chifukwa ndinkaona m'mene milomo yawo inkanjenjemerera. Ankadzigwira kuti asagwe bokosi lisanatuluke. Koma kwathu mwamuna woferedwa amayenera kuoneka kuti waferedwa, ndipo ndinamva azimayi ena akunong'onezana kuti taonani, ngakhale msozi umodzi.

Tikameta pamabwera mwambo wa kusudzula. Akuchikazi ndi akuchimuna amakhala pansi, n'kumumasula wamasiye kuti ukwati watha. Mnyamata amabwerera kwawo kuti akayambe moyo wina. Koma nkhalamba imene yamanga nyumba, yalima minda ya mkazi wake moyo wonse, yakumba manda a apongozi ake, kawirikawiri amangoyiwuza kuti bambo, pano ndi panu, khalani mpaka Mulungu adzakuyitaneni. Tonse tinkayembekezera zimenezo. A Mulipa kwawo anali atakhala mlendo. Makolo awo ndi abale awo a bere limodzi anali atatha, ndipo amene anabwera kudzawayimira anali mphwawo mmodzi, mwana wa mlongo wawo, amene ankangowadziwira pamaliro. Kuwachotsa pakhomo paja kunali kuwachotsa pa chilichonse chimene anali nacho: nyumba, mitengo, makasitomala, ndi manda a mkazi wawo.

Tinakhala m'mawa pansi pa mapeyala awo omwe. Amalume anayamba bwino, kuthokoza onse amene anathandiza pa zovutazo. Kenako mawu anasintha.

"Koma ife eni mbumba tili ndi funso. Achemwali sanadwale. Munthu amangogwa ngati papaya? M'nyumba umu muli zinthu zimene zimalira, ndipo mwini wake anatiletsa kuzigwira. Ife tikufuna tidziwe achemwali anapita bwanji."

Mphwawo uja anangoyang'ana pansi. A Mulipa anafunsa kuti, "Alamu, mukuti ndapha mkazi wanga?"

"Sindinanene. Anene ndi makina anu. Mayi wa usipa uja munakana kumumanga. Lero mangani zala zanu, tikufunseni ife."

"Ndinakuwuzani kale kuti sadziwa bodza."

"Ndiye mukuopa chiyani? Mukakana, ife tamva kale yankho, munyamuke lero lomwe."

A Mulipa ankadziwa kuti n'zopusa. Moyo wawo wonse anakana kuti chinthu chimenechi chikhale bwalo la milandu, ndipo tsopano ankawauza kuti asankhe pakati pa mawu awo ndi nyumba yawo. Anayang'ana denga lawo la malata. Kenako anati:

"Chabwino. Koma tigwirizane anthu onsewa akumva. Makinawa akalira osasiya, ndinyamuka. Akakhala chete, mundisiye ndifere m'nyumba mwangamu."

"Tagwirizana," anatero amalume. Ndinamva ine, anamva amayi anga, unamva mudzi wonse.

Anatulutsa tebulo pakhonde okha, chifukwa panalibe wofuna kugwira. Anabweretsa batire, tivi, kabokosi, wailesi. Kaseti itayamba kulira azimayi ena anasendera kumbuyo, wina anachita chizindikiro cha mtanda. Kampira katabwera pagalasi anamanga zala zawo ziwiri, nakhala pampando. Mutu wawo wometa kumene unkaoneka waung'ono.

Amalume anayima kutsogolo kwawo n'kufunsa mokweza kuti, "Alamu, achemwali munawapha ndinu?"

Kampira kanathamangira kudenga. Makina analira mosongoka mpaka m'mano. Wina anakuwa kuti "Mayo!" ndipo anthu anayamba kuyimirira. Funso ngati limenelo, mkazi wako ali m'manda dothi lisanawume, ndani zala sizingamutuluke thukuta?

A Mulipa anatsinzina. Mapewa anatsika. Ndinaona chifuwa chawo chikukwera, chikutsika, mosathamanga. Kampira kanagwedezeka pamwamba paja ngati kakukana. Kenako kanayamba kutsika. Amalume anabwereza funso lija mokuwa, ndipo kanadumphanso pang'ono, koma kanabwerera. Kulira kwa udzudzu kunasanduka kwa njuchi. Kanatsika, kanatsika, mpaka kanakhala pansi penipeni pa galasi, ndipo makina anati zii. Pabwalo ponse panalibe wokhosomola. Nkhalamba yoferedwa, yonenedwa ufiti pakhonde pake, inawugwira mtima wake ndi manja awiri n'kuwukhazika pansi anthu onse akuona. Chinthu chovuta kuposa chimenecho sindinachionepo ndi maso anga.

Ndinati basi, zatha. Amayi anga anapumira m'mwamba.

Amalume anakanda kumutu. Anayang'ana galasi, anayang'ana anthu. Ndiye anatambasula manja.

"Abale, mwadzionera nokha. Mkazi wake tamuyika dzana. Ine mlongo wake chakudya sichikulowa, mtima uli phaphapha. Koma uyu mtima wake uli zii, ngati wafa ndi nkhuku. Munthu wamba angathe zimenezi? Pamaliro sanalire, pano makina ake omwe achitira umboni kuti chisoni mulibe. Wotereyu tigone naye mudzi umodzi?"

Ndinamva kung'ung'udza kukuyenda m'gulu, ndipo sikunali kotsutsa. Anthu omwe aja amene anakuwa kampira katakwera anayamba kugwedeza mitu kuti n'zoona, munthu sangazizire chonchi popanda mankhwala. Kakwere, wapha. Katsike, wapha. Mlandu unali utagamulidwa tebulo lisanatuluke.

Ine ndinayimirira. Ndinali mayi wa ana kale, sindinali kamtsikana.

"Amalume, munanena nokha! Munati makina akakhala chete a Mulipa akhala!"

"Iwe Aginesi, khala pansi. Wayamba liti kuyankha pabwalo? Kapena nawenso anakudyetsa?"

Amayi anandikoka chitenje mpaka chinamasuka, akundinong'oneza kuti ndikufuna tonse atinene ufiti. Ndinayang'ana kwa mphwawo uja kuti mwina atsutsa. Iye anangoti, "Amalume, tiyeni kwathu, pano sakukufunani."

Ndinkadikira Chilomwe. Ndinkafuna a Mulipa a masiku onse, aja a mitsempha ya m'khosi, ayimirire awalalatire mpaka mapeyala agwe. Tsiku lokhalo limene ukali wawo unali ndi ntchito, sanawutulutse. Anamasula kansalu ku zala, anakulunga mawaya bwinobwino monga ankachitira masiku onse, anazimitsa tivi. Ndiye anati, "Ndamva, alamu." Dzuwa lisanafike pamutu anali atamanga sutikesi, bokosi la zipangizo ndi katoni ya kompyuta panjinga. Anayikankha njingayo wapansi, chifukwa panalibe pokhala. Amene anawaperekeza mpaka pamsewu tinali awiri, ine ndi Abiti Saidi.

Ine ndimasoka zovala pa Namadzi, ndipo ndinkapita kukawaona ndikapeza mpata. Anawapatsa kachipinda kuseri kwa nyumba ya mphwawo, moyandikana ndi khola la nkhunda. Mawailesi anali atayamba kutha, anthu akumvera m'mafoni, ndipo kumeneko panalibe amene ankadziwa kuti nkhalambayi inali katswiri. Ankangoti agogo aukali aja. Ukaliwo unabwereradi wonse, woposa kale. Ankakalipira nkhunda, ana, mvula, phala. Katoni ija inali pansi pa bedi, yomangidwa ndi chingwe chomwe chija cha panjinga.

Ulendo wina ndinawapeza mkono wamanzere utayamba kulemera, pakamwa patapotoka pang'ono. Ndinawauza kuti ndiwagulira batire, ayambirenso kumanga zala, chifukwa ukali umenewu uwapha.

"Ndiwuziziritsire ndani?" anandifunsa. "Amene ndinkamusungira mtimawu anapita. Usiye uwire."

Ndiye ndinafunsa chimene ndinkafuna kufunsa chiyambire tsiku lija, kuti anatha bwanji kukatsitsa kampira anthu onse aja akuwayang'ana ngati fisi wogwa m'mbuna.

"Ndinachita zimene ndinkachita masiku onse," anatero. "Iwe unkayesa ndi mpweya wokha? Nthawi imene ndinkalowa m'kachipinda muja, mayi ako aakulu amakhala akupeta kuseri kwa nyumba. Ndinkangomvetsera lichero lawo, tsa, tsa, tsa, ndi kanyimbo kawo ka m'mphuno kaja kosatha bwino. Ndikamva zimenezo kampira kankatsika kokha. Tsiku lija ndinatsinzina, ndinawafunafuna, ndipo ndinawamva. Anali pomwepo kuseri, akupeta." Anapukuta pakamwa ndi dzanja labwinolo. "Ndiye alamu akuti mumtima mwanga munalibe mkazi wanga."

Tsiku limenelo analira, kulira kwenikweni kokuwa, kumene mudzi wathu unkakufuna. Anamva ndi nkhunda ndi ine.

Asanamwalire anandituma kanthu kamodzi, kuti ndikapemphe kuti akadzafa adzagone pafupi ndi mkazi wawo. Ndinapita kwa amalume, ndinagwada monga mwa mwambo, ndinapereka uthengawo. Anandiyankha akusenda nzimbe kuti manda athu si a alendo. Ndi chifukwa chake tawayika ku Mauwa, pakati pa anthu amene sankawadziwa. Ndipo ndi munthu yemweyo amene anakwera minibasi, atavala jekete, kukanena kuti tinakhala nawo bwino. Anthu akuti ndiwakhululukire chifukwa akalamba. A Mulipa sanali okalamba pamene ankakankha njinga ija?

Pobwera kumaliro ndinatsikira kwathu, ndipo ndinadutsa pamene panali pakhomo pawo. Nyumba imene anayilimbirana chonchija palibe anagonamonso ngakhale kamodzi. Amalume anafuna kuyikamo mwana wa mlongo wawo wina atakwatiwa, koma mkamwini watsopanoyo anakana kuti sangagone m'nyumba ya mizimu. Inakhala yotseka mpaka anaganiza zochotsa malata, ndipo malatawo ali pa khola la mbuzi. Denga litachoka mvula inachita zake. Khoma la kumsewu linagwa, njerwa zabwino anthu anatola usiku ndi usana, ndipo zotsala zafika m'chiwuno. Pakhonde simenti inang'ambika, mwamera chisoso. Mafelemu a mawindo anazula, patsala mabowo.

M'kati mwa zipupazo amalume anagawula n'kubzala nandolo, poti nthaka ya pabwinja ndi yachonde. Wamera m'chipinda chochezera, wamera m'kachipinda ka mawailesi, wamera pamene panali bedi la anthu awiri aja, ndipo chaka chino wabereka mpaka nthambi kuwerama. Koma kunyumba kwa amalume sadya nandolo ameneyo, amaopa. Amathyola, n'kuthira m'thumba, n'kukagulitsa pa Namadzi kwa anthu osadziwa pamene anamera.